Nansongole akulanda minda: nkhondo yake ili pansi pa mzere

A Mkonzi,

Nkhani za ulimi masiku ano zimathera pa feteleza: wafika liti, thumba lili pa ndalama zingati, ndani wasiyidwa pa mndandanda. Ife tikupempha danga kuti tinene za chinthu chimene chikudya fetelezayo akafika m'munda. M'minda yambiri yozungulira Mzuzu, makamaka kutsikira ku Mpamba ndi Nkhata Bay kumene mvula ndi yambiri ndipo chinangwa ndicho chakudya, nansongole akulanda malo chaka ndi chaka. Mlimi amalimbana naye ndi moto, chikwakwa ndi khasu, koma dzinja lotsatira amamupeza atakula kuposa kale, mpaka ena amangousiya mundawo n'kukabwereka wina. Zambiri zimene timachita pofuna kumupha ndi zomwe zimamubzala, chifukwa timamenya masamba pamene moyo wake uli pansi pa nthaka.

Tiyambe tagwirizana za udzu umene tikunena. Akatswiri amautcha Imperata cylindrica. Masamba ake amatuluka chilili kuchokera pansi penipeni, opanda phesi looneka, ndipo amafika m'mawondo kapena m'chiuno. Thyolani tsamba limodzi muliyang'ane bwino. Mtsempha wake woyera suli pakati penipeni, umapendekera mbali imodzi, ndipo m'mphepete muli timano tocheka chala mukalikoka. Mphukira imatuluka m'nthaka yosongoka, yolimba, yobaya phazi la wopanda nsapato. Akachita maluwa amatulutsa ngala yoyera, yaubweya. Udzu wa tsekera umamera m'zitsa, ndipo mukazula chitsa mwathana nawo. Kapinga amayanganso pamwamba, mumaona kumene akulowera. Nansongole saonetsa njira yake. Lero ali m'malire, mawa watulukira pakati pa mzere wachitatu.

Kumbani mozama pakati pa malo amene wakhazikika. Mupeza mitsitsi yoyera, yolimba, yolukanalukana mpaka khasu kukana kulowa. Imeneyi si mizu wamba. Ndi mapesi oyenda pansi pa nthaka, okhala ndi mfundo pafupipafupi, ndipo pa mfundo pamakhala diso lobisika m'kakhungu kouma. Ofufuza adapeza kuti magawo oposa 60 pa 100 aliwonse a kulemera kwa chomera chonsecho ali pansi. M'dothi lolimba la katondo mitsitsi yambiri imakhala m'masentimita 15 mpaka 20 oyamba, pamene m'dothi la mchenga imatsika mpaka masentimita 40, ina yochepa kupitirira apo. Mmenemo ndi mmene muli nkhokwe yake. Masamba ndi ongotolera chakudya kudzuwa n'kumatsitsira kumeneko, ndipo akadulidwa kapena kupsa, nkhokwe imatulutsa ena.

Mtsitsi ukakhala wathunthu, nsonga yake ndiyo imakula, ndipo imaletsa maso ambiri a m'mbuyo kuphuka, amangogona. Khasu likaudula, chiletso chija chimatha. Kachidutswa kalikonse kokhala ndi diso, ngakhale ka masentimita ochepa chabe, kamadzuka n'kukhala chomera pachokha. Ndiye taganizirani mmene timalimira kuno. Chaka chilichonse timapasula mzere wakale, theka la dothi uku, theka uko, n'kuunga mzere watsopano pamene panali mpata wa pakati. Khasu limaduladula mitsitsi n'kuikwirira m'dothi lofewa la mzere watsopanowo, pakuya poyenera kuphukira, pomwepo pomwe tidzabzale chimanga ndi kuthira feteleza. Pansi pa mizere pali dothi lolimba gwa lomwe khasu silifikako zaka ndi zaka, ndipo mitsitsi yogona pamwamba pa dothi limenelo sikhudzidwa n'komwe. Pobandira timabwerezanso zomwezo mvula ili mkati, chidutswa chilichonse chikupeza chinyezi. Waganyu amene mwamulipira pa mzere sangataye nthawi kutola mitsitsi, amangoikwirira kuti mzere uoneke woyera pofika mwini munda, ndipo sitingamunene, mgwirizano wake ndi wotero. Thirakitala yokhala ndi mbale zophwanyira zibuma ikalowa m'munda wonyowa imachita zomwezi pa liwiro lalikulu, n'kukokeranso zidutswa kuchoka pa kachigawo kamodzi kufika munda wonse.

Moto ndiye bwenzi lake lalikulu. Masamba ouma a nansongole amayaka msanga ndiponso motentha kwambiri, mpaka kupha timitengo ndi zitsamba zimene zikanamuchitira mthunzi. Koma kutenthako sikulowa kwenikweni m'nthaka, mitsitsi imatsala yamoyo. Pakangopita masabata awiri kapena atatu, iye ndiye woyamba kuphuka pa lupsa ngakhale mvula isanagwe, poti akudya za m'nkhokwe, ndipo amapeza dzuwa lonse ndi phulusa lonse zili zake. Moto umamuchititsanso maluwa. Malo osapsa amatulutsa ngala zowerengeka, koma pa lupsa pamayera mbuu. Oweta ng'ombe amatentha dala kuti ziweto zipeze msipu, ndipo n'zoona kuti masamba anthete zimadya, koma pakatha masabata ochepa amakhwima, amakala, ng'ombe zimawalambalala n'kumadya udzu wina wabwino umene ukanapikisana naye. Osaka mbewa ndi ososa minda ndi moto amamaliza ntchitoyo.

Chomera chimodzi chikhoza kubala njere mpaka 3,000, zopepuka, zaubweya, zouluka ndi mphepo. Kuti zimere zimafuna dothi la pambalambanda lokhala ndi chinyezi, monga pa lupsa, m'mphepete mwa msewu umene wangokonzedwa, kapena pa puloti yomwe munthu adagula kunja kwa tauni, n'kudula mitengo yonse, n'kuisiya osamangapo. Mapuloti otere achuluka kuzungulira Mzuzu. Chotonthoza n'chakuti njerezi sizikhalitsa, zambiri zimafa chaka chisanathe, kusiyana ndi kaufiti amene njere zake zimadikira m'nthaka zaka zoposa 10. Choncho njere zimangotsegula malo atsopano, koma wolanda munda ndi mtsitsi, ndipo amene wapha mitsitsi sakhala ndi mdani wina wobisala m'dothimo. Mitsitsi nayo ili ndi maulendo ake: m'dothi lomatirira ku mphukira za nthochi, m'zitsa za vetiva zokumbidwa pa mgula wogwidwa kale, ku mano a pulawo yobwereka, m'dothi lothiridwa pokonza msewu. Ku America udzuwu udafika mu 1912 ku Alabama ngati udzu wolongedzera katundu wochokera ku Japan, ndipo lero boma kumeneko limawononga ndalama zambiri kulimbana nawo.

Chinangwa ndicho chimavutika kwambiri. Miyezi itatu kapena inayi yoyamba chimakula pang'onopang'ono, sichiphimba nthaka, ndiye nansongole amachipitirira. Chikayamba kuika, nsonga za mitsitsi zimaboola chinangwacho kulowa uku kutulukira uko. Pa bala pamalowa zowoletsa, ndipo pokumba mumapeza china chawola, china chili ndi mtsitsi mkati moti ogula pa msika sachifuna. Mbatata ndi mbatatesi zimabooledwa chimodzimodzi. Kafukufuku wa kumadzulo kwa Africa, kumene bungwe lofufuza za ulimi la IITA la ku Ibadan, ku Nigeria, lalimbana ndi udzuwu kwa zaka zambiri, adaonetsa kuti m'munda wogwidwa kwambiri zokolola za chinangwa zimatsika kupitirira theka. Chimanga chimachita chikasu ndi kupinimbira ngakhale mwathira feteleza wokulitsa ndi wobereketsa, chifukwa mitsitsi ya nansongole idafika kale pamene mizu ya chimanga ikungoyamba kumene. Dothi lofiira la kuno, lomwe mvula yambiri idalitsuka ndipo lili ndi asidi, silimuvuta konse. Amapirira pamene mbewu zalephera. N'chifukwa chake amatsata minda yoguga: chimanga chofooka chimalowetsa dzuwa pansi, dzuwa limalimbitsa nansongole, nansongole amafooketsanso chimanga.

Vutoli si la kuno kokha. Pa mndandanda wa udzu woipitsitsa pa dziko lonse womwe akatswiri adatulutsa mu 1977, udzuwu udali pa nambala 7, utapezeka ukusokoneza mbewu za mitundu 35 m'mayiko 73. Ku Indonesia, kumene amautcha alang-alang, waphimba mahekitala mamiliyoni angapo amene kale adali nkhalango. Ubwino wa zimenezi ndi woti njira zomugonjetsera zidayesedwa kale kwina. Nansongole ali ndi zofooka zitatu. Mtsitsi wake ukauma padzuwa umafa. Salimba pamthunzi. Ndipo pali mankhwala amene amatsika kuchokera ku tsamba mpaka ku mtsitsi.

Kukumba ndi njira ya munthu amene ali ndi zigawo zing'onozing'ono, ndipo nthawi yake ndi chilimwe, Ogasiti mpaka Okutobala, osati mvula itagwa. Kuno ku Mzuzu mvula imachedwa kusiya ndipo mu Juni ndi Julaye mumakhala mawawa, choncho wokumba msanga amangosamutsa udzu. Gwiritsani khasu la mano kapena foloko yokumbira, chifukwa imatukula mitsitsi yaitali osaidula. Fikani masentimita 25 mpaka 30. Yambani mita imodzi kunja kwa pamene masamba akuthera, poti mitsitsi imakhala itatsogola kale, n'kumalowera mkati. Gwedezani dothi, tolani mitsitsi yonse, muiyanike pa thandala kapena pa mwala, osati pa dothi, kwa masabata awiri, ndipo ikauma muitenthe pamalo amodzi. Apa pokha ndi pamene moto uli ndi ntchito. Osaitaya m'malire, osaiponya m'dzenje la kompositi, osaiunjika pakati pa mizere, chifukwa mulu umasunga chinyezi ndipo ya pansi imaphuka. Zibuma zisiyeni zili chogadama kuti dzuwa la Okutobala liumitse zotsalira. Mvula yoyamba ikagwa bwererani ndi khasu, chifukwa mphukira iliyonse ikukuonetsani pamene padatsala chidutswa, ndipo panthawiyi chimazuka mosavuta. Amene ali ndi chigawo chachikulu chimodzi ndi tizigawo tingapo tomwazikana ayambe ndi tizigawoto. Ndi tomwe tikukula mbali zonse, ndipo ntchito yake ndi ya tsiku limodzi.

Munda wonse ukagwidwa, kukumba ndi manja sikutheka, ndipo apa ndi pamene mankhwala amalowa. Pa nkhani imeneyi ndalama zambiri zikutayika. Mankhwala opopera mutangobzala, monga Bullet ndi Harness, amaletsa njere za udzu kumera, koma mtsitsi saukhudza. Mankhwala owaula ngati paraquat amaumitsa masamba m'masiku awiri, mlimi n'kusangalala, koma amathera pa tsambapo ndipo ntchito yake sisiyana ndi ya chikwakwa. Ofunika ndi glyphosate, amene ambiri timawadziwa ndi dzina la Roundup. Amalowa pa tsamba lobiriwira n'kuyenda ndi chakudya cha chomera kutsikira ku mitsitsi. Zonse zoyenera kutsata zikuchokera pamenepa: pafunika masamba ambiri, amoyo, amene akugwira ntchito.

Udzu wakale wouma umatchinga mankhwala, choncho yambani mwautchetcha n'kuchotsa. Dikirani masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi kuti masamba atsopano afike masentimita 30 mpaka 45. Wopopera timphukira ta masiku ochepa amataya mankhwala, chifukwa panthawiyo chakudya chikukwera kuchoka ku mitsitsi, sichikutsika, ndipo masamba ndi ochepa poyerekeza ndi zimene zili pansi. Pa chifukwa chomwechi, nthawi yabwino pa munda wogonera ndi kumapeto kwa dzinja, mu Epulo kapena Meyi, nthaka ikadali ndi chinyezi ndipo chomera chikutsitsa chakudya chokonzekera chilimwe. Kupopera pa udzu wofota ndi dzuwa la Okutobala, kapena wokutidwa ndi fumbi la msewu, n'kungotaya ndalama.

Mlingo ndi pamene ambiri amaphonya. Udzu wa chaka chimodzi umafa ndi malita 2 kapena 3 pa hekitala, koma nansongole amafuna malita 4 mpaka 6 a glyphosate wa mphamvu ya magalamu 360 pa lita. Titenge malita 5. Ngati mukupopera madzi okwana malita 200 pa hekitala, sipuleya ya malita 16 mudzaidzaza ka 12 ndi theka, ndipo m'sipuleya iliyonse muyenera kuthira mamililita 400. Pa ekala imodzi ndi malita 2 a mankhwala m'masipuleya 5. Kuti mudziwe ngati mayendedwe anu akugwirizana ndi chiwerengerochi, yezani malo a mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi, thirani madzi okha m'sipuleya, poperani mmene mumayendera nthawi zonse, ndipo muone amene atha. Akatha malita 2, muli pa malita 200 pa hekitala. Akatha malita 3, mukuyenda pang'onopang'ono, ndiye masipuleya achuluka ndipo mankhwala a m'sipuleya iliyonse achepe molingana. Mabotolo ena ndi a magalamu 480 pa lita ndipo ena ndi a ufa, choncho werengani chizindikiro cha pa botolo musanatsate nambala zathuzi. Kuchepetsa mlingo kuti botolo limodzi likwanire munda wonse kumangopha masamba ndi mitsitsi ya pafupi, ya kutali imatsala.

Madzi akhale oyera. Glyphosate amamatirira ku tinthu ta dothi n'kutha mphamvu, moti madzi amatope a m'dambo kapena a mumtsinje wodzaza amawononga mankhwala asanatuluke m'sipuleya. Nozo ikhale yomwaza chophwatalala, osati yozungulira ija ya mankhwala a tizilombo. Poperani mame atauma, kopanda mphepo, ndipo pakhale maola osachepera 6 mvula isanagwe, chinthu chovuta kuno mu Disembala ndi Januwale. Musasakanize ndi paraquat poganiza kuti muwonjezera ukali. Paraquat amapha tsamba msanga, njira yotsikira ku mtsitsi n'kutsekeka. Mchere ndi palafini zimene ena amathiramo zilibe ntchito. Mukapopera, khasu, chikwakwa, moto ndi ziweto zisalowemo kwa masabata awiri. Masamba amayamba chikasu pakatha sabata kapena kuposerapo, ndipo kuchedwako ndiye umboni woti mankhwala akuyenda. Ambiri amataya mtima tsiku lachitatu n'kulowamo ndi khasu, kudula njira mankhwala asanafike. Kupopera kamodzi sikumaliza. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu, kapena mvula ikayambanso, padzatuluka zotsalira, ndipo zimenezo muzipopera pamalo pomwe zilipo basi.

Mankhwalawa sasankha. Akagwera chimanga, chinangwa, nthochi yaing'ono kapena khofi wanthete, amapha. M'munda wa mitengo ikani chotchingira ku nozo ndipo muyendetse pansi. M'dothi satsalamo ndi mphamvu yopha mbewu, choncho pakatha masabata awiri aja mukhoza kubzala. Valani majombo, magolovesi ndi chotseka pakamwa, ndipo botolo lotha lisasanduke la mafuta ophikira kapena la madzi akumwa.

Koma mankhwala okha, ngakhale atapopedwa bwino, amasiya dothi lili pambalambanda, ndipo pambalambanda ndi pamene nansongole amabwerera. Njira imene timaikhulupirira kuposa zonse ndi mthunzi, ndipo chomera chake timachidziwa kale: kalongonda. Kumwera kwa dziko la Benin, m'chigawo cha Mono, ofufuza adabweretsa kalongonda cha m'ma 1987 pofuna kubwezeretsa chonde m'nthaka. Alimi adamulandira pa chifukwa china, adaona kuti akupha udzu womwewu m'minda imene adaithawa, ndipo mbewuyo idafalikira kuchoka kwa mlimi kupita kwa mnzake. Kalongonda amayanga msanga, amakwera pa udzu, amaupondereza pansi ndi kulemera kwake, n'kutseka dzuwa miyezi ingapo. Nansongole amayesa kutulutsa masamba, masambawo sapeza kuwala, ndipo chakudya cha m'mitsitsi chimangotha osabwezeredwa.

Bzalani ndi mvula yoyamba yokhazikika, m'mizere yotalikirana masentimita 75, njere imodzi pa phando, mapando otalikirana masentimita 30, pakuya masentimita 3 mpaka 5. Pamafunika makilogalamu pafupifupi 40 pa hekitala, kapena 16 pa ekala. Polimbana ndi udzu musatalikitse mapando pofuna kusunga mbewu, chifukwa mpata uliwonse wolowa dzuwa ndi pothawira mdani. Masabata asanu ndi limodzi oyamba ndi amene amaweruza. Kalongonda akadali wamng'ono nansongole amamupitirira, choncho tchetchani udzuwo tsiku lobzala, mubwereze pakatha masabata atatu, mwinanso kachitatu, mpaka nthambi zitagwirana. Ena m'malo motchetcha amaugonetsa udzuwo poupondereza ndi thabwa kapena kugubuduza chipika, njira yomwe alimi a ku Indonesia ndi Philippines amagwiritsa ntchito, ndipo kalongonda amayenda pamwamba pake mosavuta. Pa munda wogwidwa kwambiri bzalani kalongonda payekha, mulolere kutaya chimanga cha chaka chimodzi pa chigawo chimenecho, chomwe kunena zoona sichikanabereka kanthu. Pogwidwa pang'ono mukhoza kumubzala m'chimanga, koma patatha masabata asanu kapena asanu ndi limodzi chimangacho chitamera. Mukabzala tsiku limodzi amachikwera n'kuchigwetsa.

Zimene zimalakwika pa kalongonda n'zodziwika. Masamba ake akauma m'chilimwe amasiya chiphimba chokhuthala, ndipo moto ukalowamo ntchito ya chaka chonse yatha, nansongole wotsala amabwerera pa dothi lomwe tsopano lili ndi chonde. Lambulani mzere wotchinga moto wa mamita atatu kuzungulira mundawo. Mbuzi ndi ng'ombe zotayirira zimang'amba chiphimbacho. Ena amaopa kuti ndi chitedze. N'zapachibale, koma wolimidwayu alibe ubweya woyabwa uja. Njere zake zili ndi poizoni amene amazunguza mutu, ndipo sizidyedwa popanda kuziwiritsa nthawi yaitali n'kumataya madzi kangapo, choncho ana achenjezedwe. Chaka chimodzi cha kalongonda chimachepetsa udzuwu kwambiri koma sichiumaliza. Chaka chachiwiri muyenera kuzula zotsalira, kapena kubwereza pamene padali pothithikana. Phindu lina ndi loti chimanga chotsatira chimapeza nayitrojeni amene kalongonda wasiya.

Amene sangataye chigawo chaka chathunthu ali ndi zina zochepera mphamvu koma zothandiza. Nandolo wobzala mothithikana pamodzi ndi mtedza kapena soya, njira imene alimi a ku Ekwendeni akhala akuitsata kuyambira pamene ntchito ya Soils, Food and Healthy Communities idayamba mu 2000, amaphimba nthaka mpaka m'chilimwe. Mthuthu wobzala m'chimanga n'kusiyidwa chaka chotsatira umachita mthunzi wabwino, koma umasunga timinyongolotsi totupitsa mizu, choncho pambuyo pake pasabwere fodya kapena tomato. Mbatata ya kholowa wambiri ndi maungu zimathandiza pa zigawo zimene mwakumba kale. Pa chinangwa sankhani mtundu wochita nthambi msanga, musapitirire masentimita 90 pakati pa mapando, bwezerani pamene sipadaphuke, ndipo miyezi itatu yoyamba munda ukhale woyera. M'minda ya khofi, nthochi ndi makadamiya, mbewu yoyanga ya mtundu wa nyemba pakati pa mizere ndi yomwe minda ikuluikulu ya mitengo ya labala ku Malaysia imadalira polimbana ndi udzu womwewu mitengo isanatseke kumwamba.

Kutchetcha kokha kumagwira ngati mukubwereza masabata awiri kapena atatu aliwonse kwa dzinja lonse, masamba asanayambe kubweza chakudya pansi. Kutchetcha kawiri pa chaka n'kumumeta chabe. Tichenjezenso amene akulowa ulimi wa mtayakhasu. Njirayi ndi yabwino, koma si yoyambira pa munda wa nansongole. Mapesi a chimanga oyala pansi amatchinga udzu wa njere, pamene mphukira ya nansongole imawaboola, ndipo poti dothi silikugwedezekanso mitsitsi imalukana mwamtendere. Yambani mwamupha, mtayakhasu abwere pambuyo. Za kapinga sitinena zambiri, popeza naye amagonja ku zomwezi: kuumitsa, mthunzi ndi glyphosate pa mlingo wa udzu wosatha.

Tikudziwa kuti ena amamusunga dala chifukwa ndi udzu wabwino wofolera, ndipo sitikutsutsa, denga lake limakhalitsa. Koma amene akusunga chigawo chotere achimwete chisanachite ngala, asachitenthe akamweta, ndipo pakati pa chigawocho ndi munda akumbe ngalande yakuya theka la mita yomwe aziiyendera kawiri pa dzinja n'kumadula mitsitsi yowoloka.

Pempho lathu kwa akuluakulu ndi ili. Ofesi ya zaulimi ya Mzuzu ADD, yomwe imayang'anira Mzimba, Rumphi, Nkhata Bay ndi Likoma, iuze alangizi ake kuti polemba mavuto a m'minda azilembanso kukula kwa malo amene nansongole walanda, monga amachitira ndi mbozi za chimanga. Udzuwu sufika usiku umodzi ngati mbozi, n'chifukwa chake sulowa m'malipoti, koma munda wosiyidwa ndi wotayika kuposa wodyedwa masamba. Malo a kafukufuku a Lunyangwa kuno ku Mzuzu ndi Mkondezi ku Nkhata Bay ali pa dothi ndi mvula zomwe udzuwu umakonda. Minda ya chitsanzo itatu yoyandikana, wina wotenthedwa, wina wopoperedwa, wina wa kalongonda, yokhala zaka ziwiri pamalo poonekera, ingaphunzitse kuposa misonkhano. Chosowa chachikulu ndi mbewu. Mlimi wofuna makilogalamu 16 a kalongonda lero amayenda mudzi ndi mudzi kupempha, chifukwa m'masitolo a zipangizo za ulimi simupezeka kawirikawiri. Magulu a alimi akhoza kuchulukitsa, popeza kachigawo kakang'ono kokhala ndi mitengo yoti ayangepo kamabereka mbewu yokwanira anthu angapo. A bungwe loyang'anira mankhwala a zaulimi la Pesticides Control Board ayendere misika ya m'midzi, kumene mankhwala amagulitsidwa m'mabotolo a zakumwa opanda chizindikiro, moti wogula sadziwa mphamvu yake, ngati ndi glyphosate n'komwe, kapena ngati sadathiridwe madzi.

Kwa mafumu, nkhani ndi ya moto ndi malire. Mlimi mmodzi akhoza kukumba, kupopera ndi kubzala kalongonda, koma ngati munda woyandikana nawo ndi wosiyidwa ndipo umapsa chaka chilichonse, mitsitsi idzawoloka malire ndipo njere zidzauluka. Malamulo a m'mudzi oletsa kutentha tchire ndi kutayirira ziweto m'chilimwe alipo kale m'madera ambiri. Awonjezerepo kuti mwini malo ogonera, kuphatikizapo eni mapuloti amene amakhala m'tauni, azitchetcha mamita atatu a m'malire kawiri pa dzinja, kapena abwereketse malowo kwa woti abzalepo kalongonda.

Alangizi awiri a zaulimi opuma pa ntchito,
Mzuzu